Bilamani Samangidwa Chingwe

Gulu: Gasi wa kwa Hidaya, Chimwala
Hidaya, Uladi, Memory wa Gasi

Lachiwiri, 14 Okutobala

[06:41] Hidaya: a Memory ndapanga zomwe munanena dzulo, madzi a mu paipi ndakhutula. palibe chasintha

[06:41] Hidaya: [chithunzi]

[06:42] Hidaya: moto wake ndi umenewo. wofiira, waufupi ngati wa machesi. Shakila wapita ku sukulu tiyi asanawire

[07:15] Memory wa Gasi: morning mayi a Shakila. nanga pothirira paja ndowe zikutsika bhobho?

[07:18] Hidaya: zikungobwerera. ndatokosa ndi nsungwi ikugunda cholimba pansi

[07:19] Memory wa Gasi: cholimba? mwakhala mukuthiramo chani kupatula ndowe za ng'ombe?

[07:26] Uladi: [mawu 0:39] Salaam aleikum a injiniya, ndine Uladi. Paja tsiku lomwe munamaliza kumanga thanki ya biogas ija munati ili ngati mimba ya ng'ombe, chowola chilichonse imadya. Ndiye ine chaka chonsechi ndikamachoka kunyanja sindibwera chimanjamanja. Kambuzi wovunda, matumbo a milamba, zimene amayi amasesa padoko, chidebe tho! Ndipo moto umachita kulira. Mufunseni mkazi wanga Abiti Hafiz, ali pompano akundiyang'ana ndi diso loipa.

[07:28] Memory wa Gasi: zosesa pansi?? ndi mchenga womwe?

[07:30] Uladi: [mawu 0:08] A injiniya, padoko pa Malombe mungasese chiyani chopanda mchenga?

[07:33] Memory wa Gasi: eish. mchenga suwola bambo. wakhala ukukhazikika pansi mpaka watseka njira. thanki yonse ifunika kupopa nkuchotsa mchengawo

[07:34] Memory wa Gasi: pano mukuphikira chani?

[07:40] Hidaya: nkhuni. makala sakugwirika

[07:41] Memory wa Gasi: mayi a Shakila ayi. a dokotala paja anati utsi zero

[07:47] Hidaya: ndikudziwa. phapo limodzi TB inadya, linalo ndi lotopa ndi utsi wa milamba yomwe ndinkawamba. koma nyanja yatsekedwa, pakhomo pano tikudya mandasi anga. ndiwakazinge ndi dzuwa?

[07:55] Memory wa Gasi: ok mverani. project inatha ndipo ine ndili ku Lilongwe pano, koma ndipempha pampu ndi fani ku ofesi, ndi kamakina koyezera gasi. ndibwera Lolemba

[07:57] Memory wa Gasi: podikira tsegulani chivindikiro cha potulukira phala. mumange chidebe ku nsungwi muzitunga muli PAMWAMBA. phalalo musataye, kumbani dzenje musunge, ndi mbewu yoyambira ulendo wina

[07:58] Memory wa Gasi: fodya ayi, machesi ayi pafupi. ndipo munthu asalowemo, ngakhale kusuzumira mutu. ndikubwereza, ASALOWEMO

[08:04] Uladi: [mawu 0:14] Tamva bwana. Manja anali akuyabwa kale ndi kukhala. Ndiitana mng'ono wanga Jaffalie, timapalasa boti limodzi, titunga ngati akazi pachitsime.

Lachisanu, 17 Okutobala

[15:20] Hidaya: [chithunzi]

[15:21] Hidaya: atunga mpaka theka. fungo lake mayo, ngati mazira owola. a neba atseka mawindo

[15:22] Hidaya: ndipo andilanda mthiko kkk. akuphika ndi a Uladi kuseri kwa khola kt utsi usandipeze. mpunga pansi makala pamwamba miyala

[15:30] Uladi: [mawu 0:17] Musamvere zimenezo a injiniya, anamaliza mbale yonse. Koma mufulumire. Anzanga ku mzikiti lero andifunsa kuti chitenje ndagula kuti.

[16:02] Memory wa Gasi: kkkk limbani bambo. Lolemba si patali

Lolemba, 20 Okutobala

[09:10] Hidaya: mwanyamuka?

[11:45] Hidaya: a Memory

[14:32] Memory wa Gasi: sory ndinali mu meeting. galimoto yapita ndi mabwana ku Karonga. akuti Lachinayi

[14:50] Hidaya: chabwino

[14:58] Uladi: [mawu 0:22] Phala lamadzi latha, a injiniya. Chatsala ndi mchenga, wagwirana ngati simenti. Chidebe cha pansungwi chikungodumpha pamwamba. Pakufunika dzanja ndi fosholo basi.

[15:01] Memory wa Gasi: siyani pomwepo. chisiyeni chotsegula, mutchinge ndi minga kt ana asayandikire

Lachinayi, 23 Okutobala

[07:05] Uladi: a injiniya

[07:06] Uladi: [foni sinayankhidwe]

[10:18] Uladi: [mawu 0:51] Tili ku chipatala ku boma. Dzulo ine ndinapita kukasoka maukonde, mkazi wanga kunyumba anasonkha moto nkuyamba kukazinga mandasi mobisa. Ndapeza ali chigwadire pakhonde, chitenje chili magazi. Lero sindikuseka a injiniya. Adokotala amukalipira, andikalipiranso ine, akuti mukufuna mumuike m'manda mkazi wanuyu? Ndiwauze chiyani? Kuti moto wopanda utsi unalipo pakhomo koma ndinaupha ndekha ndi zidebe zanga?

[10:40] Memory wa Gasi: Ambuye. ali bwanji pano?

[10:44] Hidaya: ndili bho, andipatsa mankhwala tikubwerera. musawamvere akukuza nkhani

[10:46] Memory wa Gasi: bambo si vuto lanu. za mchenga sitinakuphunzitseni bwino

[10:47] Uladi: mwanyamuka?

[11:20] Memory wa Gasi: galimoto ilipo koma pampu ili ndi team ya ku Salima. andilonjeza Lolemba likubwerali. ndachita kulira nawo mu ofesi

[11:23] Uladi: lolemba lina

[11:24] Memory wa Gasi: ili ndi lenileni

[16:37] Uladi: [mawu 1:06] A injiniya, inu mwaphunzira, sindikukunyozani. Koma ntchito yanga mukuidziwa? Ine ndi bilamani wa nkacha. Anzanga akaponya ukonde nkuzungulira nsomba, ine ndimabira mpaka pansi pa Malombe, m'matope, mumdima woti dzanja lako suliona, nkukamanga kunsi kwa ukonde kuti nsomba zisathawe. Mpweya umodzi. Patsiku ndimabira kangati, sindiwerenga. Ndinayamba ndisanamere ndevu. Ndiye kadzenje kanu aka, koti Jaffalie ataima paphewa panga mutu wake utulukira kunja, kandiopse ine? Gasi wanuyo amapha munthu amene wapuma. Ine sindipuma. Ndilowa, ndidzaza chidebe, ndituluka.

[16:41] Memory wa Gasi: NO. bambo a Shakila ayi

[16:42] Memory wa Gasi: madzi ndi gasi nzosiyana. m'madzi chifuwa chimakuuzani kt tuluka. umu palibe chokuuzani, mumangogwa

[16:43] Memory wa Gasi: mayi a Shakila aletseni pliz

[16:55] Hidaya: ndawabisira fosholo

Loweruka, 25 Okutobala

[12:08] Hidaya: a Memory, bambo a Shakila alowa mu thanki

[12:08] Hidaya: abwereka fosholo kwa a neba. ine ndinali mtulo ndi mankhwala aja

[12:09] Hidaya: atuluka ali bwino

[12:11] Uladi: [chithunzi]

[12:12] Uladi: [mawu 0:33] Onani mulu umenewo! Mchenga weniweni wa padoko, ndi mamba omwe. Ndimakoka mpweya kutali uko pa mtengo wa mango, ndithamanga, nditsika pamakwerero, fosholo katatu kanayi, ndatuluka, Jaffalie akoka chidebe. Maso okha ndi amene akuwawa ngati ndathira tsabola. Mukabwera Lolemba mudzangomwa tiyi wophika pa gasi.

[12:13] Memory wa Gasi: [foni sinayankhidwe]

[12:14] Memory wa Gasi: [foni sinayankhidwe]

[12:22] Memory wa Gasi: [mawu 2:48] Bambo a Shakila, ndikukupemphani mumvetsere mpaka kumapeto. Mwatuluka lero chifukwa cha mwayi, osati luso. Gasi amene akukuwawitsani masoyo si uja timaphikira. Ndi wina, wa fungo la mazira owola, ndipo nsomba zowola zimamutulutsa wambiri kuposa ndowe. Ndi wolemera, amakhala pansi, ndipo wina wabisala mkati mwa mchengamo. Fosholo iliyonse mukabaya mukumutsegulira. Tsono chimene ndikufuna musaiwale ndi ichi. Akakhala wochepa amanunkha. Akachuluka amapha mphuno, simumvanso kanthu. Mukadzaona kuti fungo latha, musadzati kwayera. Pamenepo ndiye pafika poopsa, thawani. Kupuma kamodzi kapena kawiri basi, munthu amagwa ngati wamenyedwa ndi chibonga. Ndipo wina akagwa, wolowa kukamutenga amagwanso, wachitatunso chimodzimodzi. Ku maphunziro anationetsa banja lomwe linatha motero. Chonde. Masiku awiri okha.

[12:31] Hidaya: voisi yanu yalemera sikutseguka, network ya kuno

[12:32] Memory wa Gasi: mukapeza network mumvere nonse. koma mutu wake ndi umodzi. MUSALOWENSO

[12:40] Hidaya: ndawauza kt ngati akukakamira amange chingwe mchiuno, Jaffalie azigwira

[12:41] Memory wa Gasi: chingwe kapena ayi asalowe

[12:49] Uladi: [mawu 0:36] Abiti Hafiz, za chingwe ndakuuzani kale. Che Nasir munkawadziwa, bilamani woposa ine. Mkazi wawo anawaumiriza chingwe, chinakakodwa mu ukonde pansi, tinawavuula mawa lake. Kuyambira pamenepo pa doko lathu lamulo ndi limodzi, bilamani samangidwa chingwe ngati mbuzi. Chingwe ndi chimene chimapha. Koma chabwino, mwandichulukira akazi awiri. Inshallah tidikira Lolemba.

[12:52] Memory wa Gasi: zkm bambo. mwalonjeza

[12:58] Hidaya: inshallah yawo imeneyo ine ndimaidziwa

Lamulungu, 26 Okutobala

[07:31] Memory wa Gasi: mwadzuka bwanji. pampu yafika ku ofesi, driver wati mawa 5 koloko tinyamuke. ndikulowa mu church, foni ndizimitsa

[08:46] Uladi: [mawu 0:44] A injiniya pepani, ndaphwanya pangano. Usiku wonse mayi a Shakila amatsokomola, ine ndimangowerenga malata. Mawa lanu ndalimva katatu tsopano. Koma ndili ndi nkhani yabwino. Nditalowa m'mawa uno kumanunkha ndithu, koma pano fungo latheratu. Jaffalie wasuzumira nayenso, akuti mwayera ngati m'nyumba. Masiku onse aja chili chotsegula gasi wathawa. Ndiye zothamangira ku mango zija ndasiya, ndikupuma momwemo, ntchito ikuyenda msanga. Kwatsala pakona pamodzi pa paipi yothirira.

[08:53] Hidaya: ndawaletsa akuti ndikagone

[08:54] Hidaya: koma zoona sikukununkha ngati dzulo. ndiye kuti zili bwino eti?

[09:20] Hidaya: a Memory?

[10:02] Uladi: [chithunzi]

[10:02] Uladi: tapuma kaye tikumwa tiyi. zidebe zochepa zatsala

[10:49] Memory wa Gasi: TULUKANI

[10:49] Memory wa Gasi: [foni sinayankhidwe]

[10:50] Memory wa Gasi: fungo kutha ndiye poopsa. mayi a Shakila auzeni atuluke PANO

[10:50] Memory wa Gasi: [foni sinayankhidwe]

[10:51] Memory wa Gasi: yankhani foni

[10:53] Hidaya: a memory

[10:53] Hidaya: agwa

[10:53] Hidaya: sakuyankha

[10:54] Hidaya: [mawu 0:12] Bambo a Shakila! Uladi! Uladi iwe! A Memory, agona chafufumimba, sakugwedezeka. Jaffalie akuvula malaya, akuti alowa...

[10:54] Memory wa Gasi: MUGWIRENI

[10:54] Memory wa Gasi: akalowa mutulutsa awiri

[10:55] Memory wa Gasi: asalowe munthu aliyense. mugwireni Jaffalie mayi a Shakila MUGWIRENI

[10:55] Memory wa Gasi: pezani ngowe, nsungwi yaitali, chilichonse chokokera muli pamwamba. ena akupize mphepo ndi mphasa pakhomo la dzenje

[10:57] Memory wa Gasi: ndikuimbira ambulance ku boma

[11:03] Memory wa Gasi: akuti ili kutali. pezani njinga yamoto kapena galimoto iliyonse

[11:09] Memory wa Gasi: mwamutulutsa?

[11:16] Memory wa Gasi: [foni sinayankhidwe]

[11:30] Memory wa Gasi: chonde ndiuzeni kanthu

[12:14] Hidaya: ndinamugwira miyendo Jaffalie. wandimenya kumaso sindinamusiye mpaka amuna afika

[12:15] Hidaya: analibe chingwe. amukoka ndi nangula wa boti

[12:15] Memory wa Gasi: akupuma?

[12:41] Hidaya: innalillahi wa inna ilayhi rajiun. atisiya

[12:43] Memory wa Gasi: ayi ayi ayi

[12:58] Memory wa Gasi: ndikupita ku depot. ndifika madzulo

[13:30] Hidaya: musabwere. jeneza ya maliro inyamuka madzulo ano, ikatha swala ya alasiri. ndipo anthu akufunsa amene anamanga dzenjeli

[13:31] Memory wa Gasi: ngakhale andimenye mayi a Shakila

[13:44] Hidaya: ndati musabwere

Lolemba, 27 Okutobala

[09:12] Hidaya: lero ndi Lolemba

[09:12] Hidaya: pampu ija inapezekadi?

[09:40] Memory wa Gasi: inde

[09:41] Memory wa Gasi: pepani

[15:05] Memory wa Gasi: mwadyako kanthu?

Lachinayi, 30 Okutobala

[08:20] Memory wa Gasi: ndikungofuna kudziwa za chifuwa

Lachitatu, 5 Novembala

[10:16] Uladi: ndine Jaffalie. foni ya achimwene ili ndi ine

[10:24] Uladi: [mawu 0:58] Mayi inu a gasi, sindikukudziwani nkhope koma mundimve. Kunyanja tili ndi lamulo. Munthu akachedwa pansi, mnzake amabira kumutsatira, safunsa, sadikira. Achimwene anandivuulapo ine kawiri, ulendo wina ndili wokomoka. Tsiku limodzi lokha limene iwo anandifuna ine, alamu anga anandigwira miyendo chifukwa cha uthenga wanu. Ndimawaona ndi maso anga, pafupi ngati apa ndi apo. Tinawakoka ndi nangula ngati ukonde wokodwa pachitsa. Padoko anthu sakundiyang'ana kumaso. Amayi athu sakulankhula ndi alamu. Ikatha sadaka ya arobaini, ya masiku makumi anayi, tibwera ndi makasu, dzenjelo tikwirira. Ndimati mudziwe.

[10:50] Memory wa Gasi: a Jaffalie pepani kwambiri. mukanalowa simukanatuluka, ndikunena zoona

[10:52] Uladi: simukundidziwa

[10:53] Memory wa Gasi: zokwirira sindikuletsani. banja ligamule

Lachinayi, 13 Novembala

[06:55] Hidaya: a Memory. ndowe chidebe chimodzi madzi chidebe chimodzi eti? ndaiwala

[07:02] Memory wa Gasi: mayi a Shakila! muli bwanji? ndakhala ndikukuganizirani

[07:03] Memory wa Gasi: inde one to one. koma mukufunsiranji?

[07:19] Hidaya: [mawu 1:21] Ndikubwezeramo phala lija munati tisunge. Musaope, sindikusuzumira, ndikuthira pothirira basi. Ndili pa eda yolira mwamuna, miyezi inayi sindituluka pampanda pano. Tsiku ndi lalitali a Memory. Ndikakhala m'nyumba ndimangomva mawu ake, ndiye bola chidebe. Ng'ombe zili pompano, chitsime chili pompano. Ndimanyamula theka, ndipuma, theka lina. Achemwali anga akundiphikira kwawo nkumanditumizira, koma nawo ali ndi ana awo, ayamba kale kuchedwetsa mbale. Tsiku lina adzatopa, ine ndidzabwerera pa mafuwa, ndipo inu mukudziwa kumene mafuwa akundiperekeza. Mulu wa mchenga uja ukadali pomwepo. Ndimauyang'ana m'mawa uliwonse. Anauchotsa wonse munthu uja, ndowe zikutsika osagunda kanthu. Ndiye ndikwirire? Akhale kuti anafera chiyani?

[07:31] Memory wa Gasi: ndamva

[07:33] Memory wa Gasi: muzisefa, kasalowe kamchenga ngakhale pang'ono. chivindikiro cha potulukira chikhale chotseka. valve ya ku kitchen mutseke. gasi woyamba sayaka, mumutulutsire panja kawiri katatu muli kumbali ya mphepo

[07:34] Memory wa Gasi: ndipo musanyamule zolemera ndi chifuwa chimenecho

[07:40] Hidaya: nde anyamule ndani

[11:12] Uladi: alamu mukudyetsa chinthu chomwe chinadya achimwene

[11:30] Hidaya: alamu munali pomwepo. anandifunira moto umenewu

Lachitatu, 3 Disembala

[06:20] Hidaya: [chithunzi]

[06:20] Hidaya: wayaka

[06:21] Hidaya: wabuluu ngati tsiku loyamba lija

[06:34] Memory wa Gasi: ndauona

[06:35] Memory wa Gasi: sindikudziwa ndinene chani

[06:48] Hidaya: inenso. ndakhala pansi ndikungouyang'ana, poto sindinaikepo

Lachisanu, 5 Disembala

[13:15] Hidaya: [mawu 0:49] Sadaka ili mkati. Ndinawauza amayi ophika kuti moto ulipo m'khitchini, aphikeko ngakhale tiyi wa mashehe. Anangoyang'anana. Mmodzi wati chakudya cha pamoto umenewo angadye ndi mfiti yokha. Asonkha mafuwa bwalo lonse, nkhuni zake zaziwisi ndi mvulayi. Ine ndadzitsekera kuchipinda, pansi pa chitseko ndatseka ndi chitenje chonyowa. Shakila agogo ake amuuza kuti azikadya kwawo, ndipo iye wavomera. Sindinamukalipire. Amene anafa ndi bambo ake.

[13:22] Memory wa Gasi: mankhwala muli nawo pafupi?

[13:40] Hidaya: alipo

[13:41] Hidaya: makasu ndawaona, awaimika kuseri kwa khola. akuti Lamulungu

[13:43] Memory wa Gasi: ndibwere ndidzalankhule nawo?

[13:50] Hidaya: mudzawauza chani chomwe simunanene kale

Loweruka, 6 Disembala

[16:08] Uladi: a gasi

[16:09] Uladi: lero ndinali ku boma, network inali yabwino. voisi yanu yaitali ija ya Loweruka lija inali yosatsegula mufoni muno

[16:09] Uladi: ndaitsegula

[16:17] Memory wa Gasi: a Jaffalie

[16:25] Uladi: pa fungo paja ndabwereza katatu

[16:26] Memory wa Gasi: simukanadziwa. ndikanalemba mmalo mojambula mawu

[16:44] Uladi: [mawu 0:31] Alamu. Makasu aja ndikatenga ndekha mawa m'mawa, amayi ndilankhula nawo. Dzenje lanu likhale. Za kumaso kuja, Mulungu andikhululukire, inunso mukatha. Koma musadzanditumizire mbale. Pakhomo panupo ine sindidzamwa ngakhale madzi otentha. Sindingathe.

[16:46] Uladi watuluka m'gulu

Lamulungu, 7 Disembala

[07:10] Memory wa Gasi: mwadzuka bwanji mayi a Shakila. abwera?

[07:52] Hidaya: anabwera yekha, watenga makasu wapita. sanagogode

[07:53] Memory wa Gasi: nanga Shakila?

[07:58] Hidaya: kwa agogo ake

[12:30] Memory wa Gasi: mwaphika?

[12:47] Hidaya: mpunga. wapsa bwino pansi ndi pamwamba

[12:48] Hidaya: ndadya ndekha

[12:49] Memory wa Gasi: chifuwa?

[13:26] Hidaya: kuyambira m'mawa sindinatsokomole

[13:27] Hidaya: ndimafuna ndiwauze bambo a Shakila. ndapeza nambala yawo mulibe m'gulu muno